Nyenyezi za pa GitHub zisakunamizeni

Achemwali, mwati mwapeza pulogalamu yaulere pa GitHub (webusayiti yomwe anthu amaikapo mapulogalamu awo) yosanthulira deta ya kafukufuku wanu wa masters, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndi yodalirika komanso ngati siidzafera m'njira inu musanamalize.

Nyenyezi zimene anthu amaika pamenepo posonyeza kuti pulogalamu aikonda musazitengere kwenikweni. Ambiri amangodina osaigwiritsapo ntchito n'komwe. Ine ndimathamangira pa Issues, pomwe anthu amalembapo madandaulo. Ngati wina anadandaula chaka chatha kuti ikutulutsa manambala olakwika koma mpaka lero kuli zii, dziwani kuti eni ake anachokapo. Onaninso kuti akuilemba ndi angati. Mapulogalamu ambiri otere amalembedwa ndi wophunzira mmodzi wa PhD, akangomaliza n'kupeza ntchito, pulogalamu ija yasanduka mwana wamasiye. Ikakhala kuti imangoyenda pa Python 2, mtundu wakale wa chinenero cholembera mapulogalamu cha Python, ithaweni, Python 2 anasiya kuisamalira mu Januwale 2020.

Koma chachikulu n'kuiyesa nokha. Tengani mizere makumi awiri ya deta yanu, muwerengetsere pamanja kapena mu pulogalamu yowerengetsera ya Stata, kenako muipatse pulogalamuyo. Zikasiyana, imani kaye. Ngati mnzanu ali ndi kompyuta yamtundu wina, ayesenso kwake. Izi si zocheza. Mu 2019 akatswiri a ku University of Hawaii anatulukira kuti ma script (timapulogalamu) ena a Python a za chemistry, omwe anatuluka mu 2014, ankapereka mayankho osiyana malinga ndi kompyuta imene ukugwiritsa ntchito, chifukwa makompyutawo ankasanja mafayilo mosiyana. Zaka zisanu anthu akungokhulupirira. Ngakhale Excel yomweyi inkasandutsa dzina la jini (gene) MARCH1 kukhala deti, moti pofika mu 2020 asayansi anali atachita kulisintha dzinalo kukhala MARCHF1.

Ngati pulogalamuyo ndi phukusi la R (chinenero china cholembera mapulogalamu) ndipo lili pa CRAN, nkhokwe ya maphukusi a R, mtima ukhaleko pansi pang'ono. Kumeneko amaliyesa pafupipafupi, ndipo likawonongeka mwini wake osakonza, amalichotsa pamndandanda. Komabe iwo amaona zoti likuyenda, osati zoti masamu ake ndi olondola. Fufuzaninso ngati pulogalamuyo inawunikidwa mu Journal of Open Source Software, magazini yowunika mapulogalamu otere. Zokambirana za owunika zimakhala poyera, mutha kudziwerengera nokha.

Mukaisankha, lembani nambala ya version mu thesis yanu, ndipo musunge kope lake pamodzi ndi deta. A supervisor akadzati mubwereze tebulo lina chaka chamawa, mudzagwiritse ntchito yomweyo, osati yatsopano imene mwina idzakhala itasintha kawerengedwe.