Mwana wanga ankati m'tsaya muli nyerere

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wodwalayo mukamufunsa za ululu amangoti "palibe". "Palibe" ameneyo musamukhulupirire, chonde. Ndawerenga zanuzi manja akunjenjemera.

Wanga anali ndi zaka 7. Mawu oti ululu sanawatchulepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ankangoti, "Amama, m'tsaya muli nyerere." Kenako akuti dzino likuyenda lokha. Ine ndimvekere ndi la mkaka limenelo, liguluka. Tinapita katatu pachipatala china chaching'ono kuno ku Zomba, bambo amene tinkawapeza aja osamukhudza n'komwe. Panado, LA, kazipitani. Ulendo wachitatu mwana atanena za nyerere zija anachita kuseka, eti ana a masiku ano ndi onyanyira. Mpaka lero ndikawaona mumsika ndimakhota njira. Uku apongozi ali kalikiliki kuti mwana amulodza poti amakhoza m'kalasi. Pomwe amatitumiza ku Queens tsaya linali ngati wabisamo mango athunthu. Kumeneko anati ndi Burkitt, khansa yokula msanga koma yomva mankhwala akaipeza nthawi ilipo.

Usiku umene sindiuiwala unabwera mankhwala atamutulutsa zilonda m'kamwa. Sanalire. Anagona choyang'ana khoma, mawondo pachifuwa, malovu akuyenderera pachitenje changa poti kumeza kunkakanika. Ine ndinati wagona, mpaka ndinathokoza Mulungu kuti lero tapuma. Cha m'ma 2 koloko nesi anabwera ndi tochi, kuunika, maso a mwana ali tong'o. Anagwada, natulutsa kapepala kojambulidwa nkhope zosonyeza kukula kwa ululu, koyambira 0 mpaka 10. Mwana analoza nkhope yomaliza. Atamufunsa kuti zikumveka ngati chiyani, anati, "Ngati ndameza makala a pambaula." Ine, nanga bwanji sunandidzutse? Iye, "Mumalira ndikakuuzani."

Ndinakalirira ku bafa.

Ana okulirapo ndiye amabisa koposa. Bedi loyandikana nafe panali mnyamata wa Fomu 2, ukamufunsa amvekere "ndili bho", koma usiku ankaluma bulangete kuti mayi ake asamve. Tsiku lina anauza wanga kuti kuphazi kumachita ngati waponda waya wamagetsi. Ana amauzana okhaokha zimene ife satiuza.

Ndiye musamufunse kuti "zikupweteka?", ayankha kuti ayi, makamaka akadziwa kuti akavomera kubwera jakisoni. Funsani kuti zikubaya, zikuwotcha kapena zikufinya, aloze ndi chala malo ake. Muziona ngati wasiya kusewera, akukana kunyamulidwa, akukana phala. Mawu ake enieniwo muzikawanena momwemo kwa adokotala, musawakongoletse, poti kuwotcha kwa m'mapazi ndi kupweteka kwa chotupa mankhwala ake amasiyana.

Morphine wakumwa uja, mankhwala amphamvu oletsa ululu, musamuope, muzimupatsa pa nthawi yake osadikira kuti alire. Ine ndinamubisa m'chikwama masiku awiri apongozi atati ndi mankhwala a anthu oti akufa, mwana n'kumavutika chabe. Ndipo pa za mankhwalawa a chipatala muziwamvera, musamakangane nawo, amadziwa ntchito yawo. Komanso si chilichonse chimene mwana anena chili choona, wangayu atazindikira kuti "makala" amabweretsa yogati anayamba kuwameza tsiku ndi tsiku.

Pano ali Sitandade 5, tsaya linaphwa. Mukakhala ku Queens funsani a Umodzi, ndi amene amaona za ululu wa ana.