Wokunyozani pa Facebook mukumudziwa, koma khoti lidzafunsa kuti analemba ndani

Mayi wina walemba kuti kwa miyezi ingapo tsamba la pa Facebook la dzina lopeka lakhala likumunena kuti ndi wakuba komanso wolanda amuna a eni. Zolembazo zinafika mu gulupu ya WhatsApp ya anthu amene amachita nawo bizinesi, ndipo nambala yachilendo imamutumizira mauthenga omuopseza usiku. Akuti mwini zonsezi akumudziwa. Achimwene ake amuuza kuti afufute zonse n'kugula SIM ina, ndipo anzake akuti akalinene tsambalo kwa a Facebook kuti litsekedwe. Kupolisi anamubweza ponena kuti kuipitsa mbiri si mlandu wa polisinso. Ali ndi ma screenshot anayi amene anamutumizira mnzake. Akufunsa ngati angamumangitse munthuyo n'kulandira chipepeso.

Mayi, wapolisi amene munamupezayo anakuuzani theka la nkhani. N'zoona kuti mu July 2025 High Court, itakhala ngati bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, inagamula kuti gawo 200 la Penal Code (buku la malamulo a milandu ya upandu), lomwe linkamangitsa anthu chifukwa choipitsa mbiri ya ena, likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Choncho kukutchulani wakuba pakokha sikungamulowetsenso munthu m'chitokosi pa gawo limenelo. Koma wapolisiyo akanangokufunsani mafunso awiri asanakubwezeni, akanamva za mauthenga a usikuwo, ndipo amenewo ali pansi pa lamulo lina, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Gawo 86 likukamba za wopitiriza kutumiza zolaula kapena kuopseza kuti avulaza munthu kapena katundu wake, ndipo chilango chake chimafika pa K2,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Gawo 87 ndi la wosokoneza dala mtendere wa mnzake mobwerezabwereza popanda nkhani yomveka, pomwe gawo 88 ndi la wozunza ndi kuopseza mpaka munthu kuopera moyo wake kapena wa apabanja pake. Awiriwa chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12. Zimenezi ndi zilango zapamwamba. Khoti likhoza kupereka zocheperapo.

Onetsetsani kuti magawo atatu onsewa akufuna kuti chinthucho chikhale chochitika kangapo. Uthenga umodzi ndi wovuta kuumangira mlandu. Ndiye malangizo a achimwene anu aja, ngakhale akuchokera m'chikondi, ndi oti muwotche nokha chinthu chimene lamulo likufuna kuona.

Milandu ya mtundu uwu sikawirikawiri kugwa chifukwa choti khoti likukayika kuipa kwa mawuwo. Imagwera pa funso loti analemba ndani. Inu mukuti mukumudziwa, mwina mwazindikira kalembedwe kake, kapena watchula chinsinsi chimene amachidziwa ndi iye yekha. Pabanja zimenezo n'zokwanira. M'khoti loya wake adzangoimirira n'kunena kuti aliyense angathe kutsegula tsamba ndi dzina lililonse, nambalayo si ya amene akumuimirayo, kapena foni inali m'manja mwa wina tsiku limenelo. Pa mlandu wa polisi woimbidwa mlandu safunika kutsimikiza kuti ndi wosalakwa. Boma ndilo liyenera kuchotsa chikayiko chonse chomveka, ndipo likalephera munthu amatuluka akumwetulira.

Lamulo la 2016 lija limalola kuti uthenga wa pa foni kapena pa kompyuta ukhale umboni. Komabe limauza khoti kuti liyeze kulemera kwake poona momwe unapangidwira, momwe unasungidwira, ngati sunasinthidwe, ndi momwe wotumiza akudziwikira. Tayang'anani ma screenshot anu anayiwo ndi maso amenewo. Mwina mupeza kuti pamwamba palibe nambala, pali dzina limene mnzanuyo anasungira nambalayo mu foni yake. Tsiku palibe, pangolembedwa kuti Yesterday. M'mbali anadula kuti achotse zimene iye anayankha. Chithunzi chotero mwana wa sekondale angachipange pa mphindi zochepa, ndipo majisitireti amadziwa zimenezi. Komanso inuyo simunaone zolembazo pa foni imene zinafikira. Amene anaona ndi mnzanuyo, ndipo iye akapanda kubwera kudzalumbira, mbali inayo idzati zanuzo n'zongomva. Anzathu ambiri amathamanga kutumiza screenshot, koma akamva zoti kuli kukaima m'khoti foni yawo imayamba kusapezeka. Mufunseni lero ngati ali wokonzeka kukhala mboni, ndipo asafufute kanthu kapena kutuluka mu gulupuyo.

Za kukalinena tsambalo kwa a Facebook, auzeni anzanuwo adikire kaye. Tsamba likatsekedwa, zolemba, ndemanga za anthu ndi link yake zimapita limodzi, ndipo wapolisi wofufuza akadzatsegula sadzapeza kanthu. Muyambe mwasunga umboni, kenako kupolisi, pomalizira pake kulitseketsa. Dzina la tsamba mwini wake angalisinthe nthawi iliyonse, choncho chofunika kukopera ndi link ya tsambalo komanso ya cholemba chilichonse. Kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi WhatsApp, imati apolisi akaipempha imasunga zambiri za akaunti kwa masiku 90 podikira zikalata za khoti. Pempho limenelo amapanga ndi apolisi, osati inu. Musaikepo mtima kwambiri: kampaniyo ili ku America, njira yake ndi yaitali, ndipo mauthenga a WhatsApp amakhala otsekedwa moti akafika kwa wolandira kampaniyo sikhala nawo. Amene ali mu foni mwanuwo akapita, apita.

Chingwe chimene chingakufikitseni kwa munthuyo ndi nambala ya usiku ija. Kuyambira 2018 SIM iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Musavutike kupita ku Airtel kapena ku TNM kukafunsa dzina la mwini wake, sakupatsani, ndipo akakana akulondola chifukwa gawo 21 la malamulo aakulu a dziko ndi Data Protection Act ya 2024 zimateteza zinsinsi za aliyense, ngakhale za wokuvutitsaniyo. Apolisi ndiwo amatenga chilolezo cha khoti n'kukaitanitsa dzinalo pamodzi ndi kaundula wa mafoni amene nambalayo inaimba. Nthawi zina SIM imapezeka yolembetsedwa m'dzina la agogo a kumudzi osadziwa n'komwe kuti WhatsApp n'chiyani. Zikatero ofufuza amayang'ana nambala ya foni imene SIM inalowamo, yotchedwa IMEI, komanso akaunti imene inkagulira bandulo. Pena zimatheka, pena ayi. Zonsezi zimafuna kuti mufulumire, popeza makampani sasunga kaundula ameneyu mpaka kalekale. Amati mlandu suola, koma umboni wa pa foni ndiye umaola msanga.

Simunanene ngati mwafufuta kale. Ngati simunatero, sungani foniyo ndi SIM yake momwe zilili. SIM ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito nambala imaperekedwa kwa munthu wina, choncho ngakhale mugule ina, yakaleyo muziigwiritsa ntchito apo ndi apo. Tengani foni yachiwiri mujambule vidiyo ya foni yanuyo, kuyambira pamene pakuoneka nambala ya wotumiza, kutsika pang'onopang'ono uthenga ndi uthenga, masiku ndi nthawi zikuwerengeka. Chitaninso Export chat, njira ya pa WhatsApp yokopera macheza onse, n'kudzitumizira pa imelo. Onani ngati macheza amenewo sanatcheredwe kuti azifufutika okha, chifukwa WhatsApp imalola kuti mauthenga azichoka pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo za pa Status zimachoka pakatha maola 24. Mauthenga a mawu musawatumize uku ndi uku, akhale pomwe anafikira. Pa zithunzi zoyambirira musajambulepo mizere yofiira kapena kudula m'mbali; ngati mukufuna kusonyeza penapake, chitani pa kope. Ngati munafufuta kale, onani ngati foni inkasunga macheza ku Google Drive kapena ku iCloud musanachite china chilichonse, ndipo funsani a mu gulupu amene akadali nazo.

Mukabwerera kupolisi musakayambe ndi mawu akuti andiipitsira mbiri, angakubwezeninso. Kanene kuti mukuopsezedwa ndi kuvutitsidwa pa foni mobwerezabwereza, mutchule lamulo la 2016 ndi magawo ake. Pitani ndi mapepala osindikiza komanso kabuku kamene mwalembamo tsiku, nthawi ndi mawu a uthenga uliwonse. Sitetimenti yanu muiwerenge musanasaine, chifukwa zimene zasiyidwa pamenepo mukadzazitchula m'khoti adzati mwapeka pambuyo. Funsani nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la wofufuza. Akafuna kusunga foni ngati umboni, akulembereni pepala losonyeza mtundu wake ndi IMEI, imene mungaione poimba *#06#. Wa pa kauntala akakana kulemba, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo kapena a Victim Support Unit, ndipo zikakanika palinso Independent Complaints Commission yomwe imalandira madandaulo okhudza apolisi. Kulembetsa dandaulo salipira.

Chipepeso ndi mlandu wina, woyendetsa nokha kudzera kwa loya. Chigamulo cha 2025 chija sichinatseke njira imeneyi. Nthawi zambiri loya amayamba ndi kalata youza munthuyo kuti achotse zolembazo, apepese ndi kulipira. Akakana mumakasuma, ndipo m'zikalata za khoti mumalemba mawu enieniwo monga analembedwera, ngati ndi Chichewa m'Chichewa momwemo pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chingerezi. Kungoti ananditukwana sikukwanira. Muyeneranso kusonyeza kuti anthu ena anawerenga, kotero za mu gulupu ndi za pa tsamba zikulowa, koma zimene anakutumizirani inu nokha sizikulowa pa kuipitsa mbiri. Amene anatumiza zolembazo kwa ena nawonso angathe kusumiridwa. Umboni wofunika pano ndi wopepukirapo kusiyana ndi wa mlandu wa polisi, koma funso la analemba ndani likudikirabe. Dziwaninso kuti wosumiridwa akatsimikiza kuti zimene ananena n'zoona mlandu watha, ndipo musanasume muuzeni loya wanu chilichonse, ngakhale chochititsa manyazi. Mukaluza khoti likhoza kukulamulani kulipira zimene mbali inayo yawononga. Kuchuluka kwa chipepeso palibe loya woona mtima angakulonjezeni, ndipo kupambana mlandu kwa munthu wopanda kanthu kumangokusiyirani pepala. Chiletso choti asiye kulemba chimapemphedwa ku High Court, koma makhoti amachita nacho mosamala pa nkhani zolankhula. Kusuma kulinso ndi malire a nthawi m'lamulo la Limitation Act, choncho musaike nkhaniyi pansi pa pilo. Ngati ndalama za loya palibe, yesani ku Legal Aid Bureau. Amaona kapezedwe kanu ndi kulimba kwa mlandu asanavomere.

Abale adzabwera ndi zoti tikambirane. Kukambirana si kulakwa, koma zogwirizanazo zilembedwe, zisainidwe, ndipo kupepesa kuikidwe pamalo omwewo pamene chipongwe chinaikidwa. Mlandu wa polisi ukalowa m'khoti suthetsedwa ndi msonkhano wa pabanja, pamafunika woimira boma ndi khoti lenilenilo. Ndipo wachibale aliyense asayerekeze kumuuza munthuyo kuti tipatse ndalama zakuti apo ayi tikumangitsa, chifukwa mawu amenewo angasanduke mlandu wanu.

Inunso dzigwireni. Musamuyankhe ndi zotukwana, gawo 87 silisankha amene anayamba. Musalembe dzina lake pa Facebook kuti ndi ameneyu, angakusumireni iyeyo pa mlandu womwe mukumufunirawo. Musatume mnyamata wodziwa za makompyuta kuti alowe mu akaunti yake kapena kumutsegulira foni, chifukwa kulowa mopanda chilolezo ndi mlandu pa gawo 84 la lamulo lomwelo. Koma ngati uthenga wina watchula komwe mumakhala, njira imene mumadzera kapena sukulu ya ana anu, musadikire kumaliza kusonkhanitsa mapepala, pitani kupolisi lero ndi foniyo m'manja.