Ndege imafika msanga, katundu ndiye amachedwa

Mwafunsa kuti kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Guangzhou, ku China, pandege ndi mtunda wautali bwanji, poti mukufuna kuyamba kukaoda nsapato. Achemwali, ndege yolunjika kulibe. Ine ndimadzera ku Addis Ababa, makilomita pafupifupi 2,600, maola anayi. Kuchoka apo ena 8,000, maola khumi ndi kanthu miyendo ili chopinda. Mukatera ku Baiyun, bwalo la ndege la ku Guangzhou, wotchi yanu imakhala yatsalira ndi maola 6, ndiye tsiku loyamba musagwire ndalama, mutu umakhala usanabwerere. Ndakwera njira imeneyi kokwana 14, palibe angandinamize mtengo wa nsapato m'misika ya ku Sanyuanli, mu mzinda womwewo.

Koma mtunda wa ndegewo sunandilizepo. Zikwama ziwiri za makilogalamu 23 mungaikemo chiyani? Katundu weniweni amadzera panyanja, ndipo kumeneko n'kumene ndinapsa.

Mu October 2023 ndinapita nthawi ya Canton Fair, chionetsero chachikulu cha zamalonda ku Guangzhou, kumene kunali kulakwitsa kale, chifukwa malo ogona amakwera mtengo. Ndinaoda nsapato za Khrisimasi ndi ndalama ya banki m'khonde, kuphatikizapo katapila yemwe bambo a kunyumba sankamudziwa. Wotumiza katundu wina wa ku Xiaobei, dera lina la ku Guangzhou, anandigwira m'manja, nkuti masabata asanu ndi limodzi makatoni afika ku Dar es Salaam. Ndinalipira theka, theka linalo m'madola akafika. Ine patatha masiku awiri ndinali kwathu ndikudya nsima, nsapato zili gone m'nyumba yake yosungira katundu, akudikira kontena idzaze. Mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Theka lija linatupa ndili m'tulo, msonkho nawo chimodzimodzi, poti amawerengera pa dola. Khrisimasi inadutsa shopu ili mbee. Makatoni anafika kumapeto kwa January, anthu akulira fizi ndi feteleza. Ndani akanagula nsapato zonyezimira?

Ndiye pachipata cholowera m'Malawi. Mnyamata wa msonkho, msinkhu wa mwana wanga woyamba, anatenga risiti yanga ndi zala ziwiri ngati yanyowa, akuti mitengoyi ndalemba ndekha. Anaika mtengo wake. Makatoni onse anatumbula ndi mpeni, nsapato zina n'kuchekeka, kenako akuti bwana apita ku nkhomaliro, ndibwere mawa. Masiku anayi ndikugona pabenchi, lole ikundiwerengera ndalama. Mpaka lero ndikamva chidindo chikugunda pathebulo mtima umandiwawa. Ndinagulitsa puloti yanga kuti wakatapila achoke pakhomo. Chaka sichinathe ndinagula ina, yaikulu kuposa ija, ndi malonda a nsapato omwewa.

Ngati mwatsimikiza mtima, musachoke ku China musanaone makatoni anu akulowa mu kontena, ndipo nambala yake muijambule. Za Khrisimasi kaodeni mu August. Nambala ya amene amanditumizira katundu panopa musandipemphe, ndinamupeza nditataya puloti.