Chithunzi cha pa 12 Januwale: Swami Vivekananda anali yani?

Mayi wina wogwira ntchito ku Durban wandilembera imelo. Akuti pa 12 Januwale abwana ake, omwe ndi Amwenye, adakoleka nkhata ya maluwa pa chithunzi cha bambo wovala nduwira, n'kunena kuti ndi Swami Vivekananda. Akufunsa ngati ameneyu ndi mulungu wawo, nanga ulemu wonsewu ngwachiyani.

Mayi, anali munthu ngati ife tomwe. Adali Mhindu, wobadwira ku Calcutta m'dziko la India pa 12 Januwale 1863, dzina lake lobadwa nalo ndi Narendranath Datta. Mphunzitsi wake Ramakrishna atamwalira mu 1886, iye adalumbira kusakwatira ndi kusasunga chuma, n'kuyamba kuyendayenda m'dziko la India. Kumeneko adaona umphawi wa anthu akwawo, omwe nthawiyo ankalamulidwa ndi Angerezi, ndipo zidamudya mtima.

Mu 1893 adapita ku Chicago, ku msonkhano waukulu wa zipembedzo. Adafika wopanda ngakhale kalata yomuvomereza, mpaka mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Harvard, John Henry Wright, adachita kumulembera. Pa 11 Sepitembala ataimirira, adayamba ndi kuwatchula omverawo kuti alongo ndi abale a ku America, ndipo anthu adaomba m'manja asanamve n'komwe uthengawo. Tangoganizani, munthu wa m'dziko lolamulidwa ndi atsamunda kuimirira pakati pa azungu monga mphunzitsi! Adawauza kuti Ahindu amalemekeza zipembedzo zonse. Chaka chotsatira adayambitsa Vedanta Society, bungwe lofalitsa ziphunzitso za Chihindu, ku New York, ndipo ziphunzitso za yoga ndi kusinkhasinkha zidayamba kumveka kumaiko a azungu.

Koma ine chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zomwe adachita atabwerera kwawo. Pa 1 Meyi 1897 adakhazikitsa Ramakrishna Mission, akuphunzitsa kuti wotumikira wosauka ndi wodwala akutumikira Mulungu. Mliri utabuka ku Calcutta, otsatira ake adalowa m'makwalala kusesa ndi kusamalira odwala. Bungweli lili ndi zipatala ndi masukulu mpaka lero, ndipo ku Durban komweko kuli Ramakrishna Centre. Mukafunsa abwana anuwo, mwina angakulozereni.

Adamwalira pa 4 Julayi 1902 ali ndi zaka 39 zokha. Kuyambira 1985, dziko la India limakumbukira tsiku lake lobadwa ngati tsiku la achinyamata, ndiye tsiku lomwe mudaona maluwa aja.