Usasiye ntchito, mdzukulu wanga, siya bodzalo

Mdzukulu wina, mnyamata wa mu ofesi, wandifunsa kuti: "Agogo, Lamlungu m'tchalitchi mtima wanga umatentha, koma pofika Lachiwiri ndimakhala ngati sindinapempherepo. Kuntchito kwathu anthu amanama ndi kudyerana masuku pamutu, ndipo nane ndimatengeka. Kodi ndingosiya ntchitoyi n'kumatumikira Mulungu basi?" Mtsikana wina naye waonjezapo lake: "Agogo, poti tinapulumutsidwa ndi chisomo, ntchito zabwinozi n'zachiyaninso?"

Ndiyamba ndi iwe mnyamata. Tsegula Luka mutu 3. Anthu atamva ulaliki wa Yohane M'batizi ku Yorodano anamufunsa zoti achite, ndipo pagulupo panali okhometsa msonkho ndi asilikali. Dziwa kuti okhometsa msonkho a nthawi imeneyo anali anthu odedwa kwabasi. Olamulira ankapereka ntchito yotolera msonkho wa m'misewu ndi wa katundu kwa munthu amene walonjeza ndalama zambiri, ndiye iyeyo ankabweza zake ndi kupeza phindu pofinya aliyense wodutsa. Ntchito yoti munthu woopa Mulungu aithawe inali imeneyi. Koma Yohane, munthu wosanyengerera uja, amene anali atangotchula khamu lonse kuti ana a njoka, sanawauze kuti atule pansi udindo. Anangoti asalipiritse munthu kuposa zimene analamulidwa. Asilikali anawauza kuti asalande za anthu moopseza, asanamizire munthu, ndipo akhutire ndi malipiro awo.

Waona kumene anawabwezera? Ku tebulo lomwe lija, pa msewu womwe uja, kwa bwana yemwe uja. Kulapa kwawo kunayenera kukaonekera m'kaundula wa ndalama. Ndiye iwe ukachoka, lisiti labodza kuntchito kwanuko adzalikana ndani? Komanso mtima umene ukulephera kukana bodza mu ofesi sudzatsala pakhomo pa ofesiyo. Udzapita nawo ngakhale kuguwa, ndipo kumenekonso kuli ndalama zowerenga.

Yambira pa zing'onozing'ono zimene zili m'manja mwako. Ngati wafika mochedwa, lemba nthawi imene wafikadi. Akakubweretsera pepala loti usaine ndalama za ulendo umene sunayende, libweze mwaulemu, unene kuti, "Pepani bwana, ili sindingasaine." Zathera pomwepo. Usawalalikire, usawawerengere mavesi, usayambe kuyenda ngati woyera ndiwe wekha. Anzako adzakuseka, ena adzakupatula, ndipo sindikulonjeza kuti udzakwezedwa. Yosefe anakana mkazi wa Potifara, mphoto yake yoyamba inali ndende. Danieli anagwira ntchito kwa mafumu osapembedza Mulungu wake, ndipo adani ake atafufuza ntchito yake anasowa chomunenera, mpaka anachita kumutchera msampha pa mapemphero ake. M'dzenje la mikango analowamo ndithu.

Zikakhala kuti ntchito yonseyo maziko ake ndi chinyengo, moti tsiku silingathe osabera munthu, imeneyo ndi nkhani ina. Pamenepo tsata zimene Petro ndi anzake anauza akulu a bwalo pa Machitidwe 5:29, kuti kumvera Mulungu kumaposa kumvera anthu, uyambe kufunafuna kwina.

Tsopano iwe mtsikana. Sunalakwitse, chipulumutso sichigulidwa. Aefeso 2:8-9 akutero momveka. Koma achinyamata mumakonda kutseka Baibulo msanga. Vesi 10 ikupitiriza kuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Funso lakoli linavutitsapo anthu akuluakulu. Martin Luther, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Germany, mu 1522 anapeputsa kalata ya Yakobo, n'kuitcha ya udzu chabe, chifukwa imati munthu amayesedwa wolungama ndi ntchito, osati ndi chikhulupiriro chokha. Koma Luther yemweyo ankaphunzitsa kuti ntchito zabwino sizisandutsa munthu kukhala wabwino, koma munthu amene Mulungu wamukonza amachita zabwino. Taona Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko. Yesu anayamba walowa m'nyumba mwake asanabweze kalikonse. Pambuyo pake m'pamene anaimirira n'kulonjeza kugawira osauka theka la chuma chake, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Palibe anamukakamiza. Chisomo chinafika m'thumba mwake.

Pa nkhani ya thumbayi ndiime pang'ono, chifukwa m'pamene akhristu ambiri timagwera. Munthu wakukonzera chitseko, mwagwirizana mtengo, ntchito watsiriza. Iwe ukuti abwere mawa. Mawalo akuimba foni, iwe ukuiyang'ana, n'kuitembenuza chafufumimba pa tebulo mpaka itasiya kulira. Lamlungu ukuponya chachikhumi ndi nkhope yowala. Mdzukulu wanga, Levitiko 19:13 amaletsa kugona ndi malipiro a waganyu mpaka m'mawa. Deuteronomo 24:15 akuti umulipire dzuwa lisanalowe, chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pomwepo. Yakobo 5:4 akuti malipiro omanidwawo amafuula mpaka Ambuye amamva. Yesu mwini, pa Mateyu 5:23-24, anati ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatsoyo, kayambe wagwirizana naye. Mlandu suwola. Ngati ndalama ulibedi, yankha foniyo, muuze zoona, mupangane tsiku, ndipo tsikulo ulisunge. Ngongole ya mnzako wa m'kwaya nayonso ndi ngongole, sikhululukidwa chifukwa mumaimba limodzi.

China ndi pakamwa, ndipo masiku ano pakamwa pali kunsonga za zala. Pali miseche ina yovala zoyera. Munthu amalemba pagulu la WhatsApp kuti, "Abale tiyeni timupempherere mlongo wathu uje, banja lake likugwedezeka," kenako n'kuyala zonse zimene anauzidwa m'chinsinsi. Anthu n'kumayankha ameni uku akutumizira ena. Limenelo si pemphero ayi. Yakobo 1:26 akuti wodziyesa wopembedza koma osamanga lilime lake, kupembedza kwake n'kopanda pake. Ukafuna kumupempherera, Mulungu akulidziwa kale dzina lake ndi vuto lake. Ukafuna kumuthandiza, pita kwa mwini wakeyo, awiriwiri, monga Mateyu 18:15 akunenera.

Za kunyumba sindichulutsa. Anthu ogona nawe nyumba imodzi ndiwo amadziwa Chikhristu chako chenicheni. Ulemu umene umapereka kwa abusa upezekenso polankhula ndi amayi ako, mng'ono wako ndi wantchito wa pakhomo. Mukayambana, Aefeso 4:26 akuti dzuwa lisalowe muli chikwiyire.

Ndibwerere kwa iwe mnyamata. Za mtima wozizira Lachiwiri, usadabwe nazo. Kutentha kwa mtima kumabwera n'kupita, ngakhale kwa ife okalamba. Pemphera m'mawa mawu ochepa, utchule dzina la munthu amene amakuvuta kuntchito ndi yesero limene ukudziwa kuti likukudikira tsiku limenelo.

Mwina Mulungu akukuitanadi ku utumiki, sindikukana. Koma maitanidwe sakhala njira yothawira bwana wovuta. Paulo ali ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila uku akulalikira tsiku la Sabata. Gwira ntchito yakoyo moona mtima kwa kanthawi ndithu, ubweze ngongole zako zonse. Ngati mtima udzakhale ukadali pomwepo, kakambirane ndi akulu a mpingo wako, ndipo uwalole akafunse anzako a kuntchito za khalidwe lako.