Kodi ukatswiri wa za chikhalidwe ndi zakale ungadyetse munthu?

Mayi wina wa ku Chilomoni, amene anaphunzira za mbiri ku yunivesite, wandilembera imelo kufunsa ngati angathe kudzidalira pogwira ntchito ngati katswiri woima payekha pa za chikhalidwe ndi zinthu zakale, osadikira kulembedwa ntchito kunyumba yosungira zakale ya ku Chichiri.

Mayi, zimatheka ndithu, koma ndalama zake sizichokera kumene ambiri amaganiza. Malo otchuka ngati Chongoni ku Dedza, kumene kuli zojambula zakale za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ali m'manja mwa boma, ndipo ganyu kumeneko imagwa mwa apo ndi apo. Ntchito zambiri zimabwera ndi zomangamanga. Asanayambe kulambula msewu waukulu, kukumba mgodi kapena kumanga damu, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kafukufuku wa mmene ntchitoyo idzakhudzire malo ndi anthu, ndipo m'gulu la ofufuzawo mumafunika wina woona za manda, akachisi ndi midzi yakale.

Apa m'pamene pagona luso lenileni. Mumayenda wapansi m'malo onse amene msewuwo udzadutse, maso ali pansi, kuyang'ana mapale ndi zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo. Koma kankhalango kowirira pakati pa minda simungakadziwe panokha ngati ndi manda kapena dambwe, ndipo simulowamo popanda chilolezo cha amfumu. Mukafika mothamanga, fomu ili m'manja, akuluakulu amangokuyankhani mwaulemu n'kukubisirani zofunika, ndiye tsiku lina thalakitala n'kufukula mafupa a makolo awo. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa zimapeweka ngati munthu wakhala pamphasa n'kumvetsera modekha.

Kuno ku Blantyre muli ndi mwayi wophunzirira pafupi. Nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, imasunga laibulale ya Society of Malawi, bungwe loona za mbiri ya dziko lino, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamalizidwa mu 1891, chingakuphunzitseni kulemba za nyumba yakale mwatsatanetsatane. Zikalata zakale za boma zili ku National Archives ku Zomba.

Konzekeraninso miyezi yopanda ganyu ndi malipiro ochedwa. Tengani TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku MRA, popeza okulembani adzadula msonkho asanakulipireni, ndipo yambani pothandiza katswiri amene wakhalitsa pantchitoyi, kuti dzina lanu lioneke pa malipoti awiri atatu musanapikisane panokha.