Za kusamutsidwa kwa msika wanuwo, nkhaniyi siinayambe dzulo

Achemwali amene mwafunsa kuti analamula ndani kuti akuchotseni m'mbali mwa msewu mupite ku msika watsopano wopanda madzi ndi chimbudzi, pomwe a khansala akuti sakudziwa, amfumu nawo akuti sakudziwa, komanso ndalama za chiphaso zomwe mumadula tsiku ndi tsiku zimalowera kuti, ndati ndiyankheko. Makomenti ambiri apa angothera kutukwana khansala basi. Ine ndinakhalapo mlembi wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera la T/A, kwathu, ndiye tina ndi tina ndinationa ndi maso angawa.

Simunatchule dera koma mmene mwafotokozeramo kwanuko ndi pa trading centre, ndiye mudziwe kuti mulibe khonsolo yanuyanu. M'Malawi muno makhonsolo alipo a maboma 28, a mizinda inayi ija Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kenako a matawuni ochepa monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Kale Balaka, Dedza, Salima ndi Liwonde anali ndi ma town assembly awoawo koma anawaphatikiza ku maboma awo. Ndiye malo ngati Mponela kaya Lunzu kaya Jenda, ngakhale pakule bwanji, pakhale mabanki ndi mafilling station, zonse zimagamulidwa ku boma, kwa DC. Chiphaso chanucho wodula matikiti amapereka kwa market master, iye amakaika ku akaunti ya khonsolo, ikafika kumeneko yasakanikirana ndi za malaisensi a mashopu, za ku depoti, za malo ogona alendo, ndiye palibenso yolembedwa kuti iyi ndi ya mayi wa tomato wa msika wakuti. Zambiri zimathera ku malipiro a ogwira ntchito omwe khonsolo inalemba yokha monga alonda, osesa ndi odula matikiti omwewo, mafuta a galimoto, ndi ma alawansi a misonkhano. Ina imathera m'thumba isanafike n'komwe, mukaona wodula matikiti akukuuzani kuti "ingondipatsani theka, tikiti isiyeni" dziwani kuti nonse awiri mwadya chimbudzi chija. Pepani koma ndi choncho.

Tsopano za amene analamula. Pa pepala, malinga ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, mwini chigamulo ndi full council, msonkhano wa khonsolo yonse. Mumakhala makhansala, aphungu a m'bomalo, ma T/A ndi anthu asanu oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi aulumali. Mafumu ndi oimira maguluwo amayankhula koma savota. Aphungu anapatsidwa voti pomwe lamuloli linasinthidwa mu 2010, ndipo mu 2025 khoti linagamula kuti zimenezo zikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu womwe linakasuma ndi bungwe la makhonsolo la MALGA, womwenso unakhudza kayendetsedwe ka CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. DC ndi ma director ake, wa mapulani, wa zachuma, wa za zomangamanga, iwo ndi secretariat, savota, ntchito yawo ndi kulangiza ndi kuchita zomwe khonsolo yagwirizana.

Izo ndi za pa pepala. Zenizeni zake n'zakuti full council imakumana mwina kanayi pa chaka, nthawi zina kuchepera apo akati ndalama zochititsira msonkhano palibe, ndipo tsiku limodzi lomwelo amve malipoti a makomiti onse, ya zachuma, ya chitukuko, ya maphunziro, ya zaumoyo, ya za ntchito za zomangamanga, ya zaulimi. Mapepala ena amagawidwa m'mawa womwewo, mulu wonenepa, m'Chingerezi. Wapampando wa komiti amawerenga mothamanga, wina "I propose", wina "I second", m'manja phwaphwaphwa, yadutsa. Ikamakwana 2 koloko aliyense maso ali pa nkhomaliro ndi pa envelopu. Nkhani ya msika wanuwo mwina inali mzere umodzi mu lipoti la komiti, "relocation of vendors", osatchula kuti kulibe madzi. Nsima inaphikidwa kalekale ku komiti ndi ku maofesi, ku full council amangopakula.

Ndiye a khansala akamati sakudziwa, pali ziwiri. Mwina akunama poopa mavoti anu, kapena akunena zoona ndithu kuti anakweza dzanja osadziwa chomwe akuvomereza, kapenanso tsikulo kunalibe. Zonsezo si zoti muwakhululukire ayi, koma kuwatukwana pa Facebook sikubweretsa mjigo. Khansala payekha alibe mphamvu yosamutsa msika kapena kuubweza, alibe thumba la ndalama, ena ngakhale ya mafuta a njinga yamoto yoyendera wodi imawavuta. Komanso tisaiwale kuti dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014, zaka zonsezo ma DC, aphungu ndi mafumu ankayendetsa okha zinthu, ndiye chizolowezi chija sichinathe, maofesi ena mpaka lero khansala amamuona ngati mlendo wodzapempha.

Kwathu zinachitika zofananako. Anatimangira shedi ya msika kuseri, kutali ndi pomwe minibasi zimaima, ati kumeneko ndi komwe kunapezeka malo aulere. Ife a ADC tinadziwira pa tsiku lopereka malo kwa kontilakitala, atiitana kuti tidzaombe m'manja. Titafufuza tinapeza kuti pempho la shedi linachokeradi kwa ife zaka zitatu m'mbuyomo, linali mu pulani ya chitukuko ya boma, koma za malo palibe anatifunsa, anagwirizana anthu ochepa atakhala mu ofesi. Chimbudzi chinali mu pulani koma ndalama zitachepa chinali choyamba kuchotsedwa. Amayi anakhalamo masabata awiri, makasitomala osabwera, onse anabwerera ku msewu, shedi ija mbuzi ndi zomwe zinkagonamo. Ine chomwe chinandiwawa n'choti titapita kukadandaula, bwana wina anangotsegula fayilo n'kutifunsa kuti kalata yanu yokana malowa ili kuti? Tinangoti kukamwa yasa. Tinali titayankhula kwambiri, pa maliro, pa chitsime, ku bawo, koma cholembedwa panalibe.

N'chifukwa chake ndikuti inu yambani ndi pepala. Komiti ya msika ilipo eti? Ngati ilipo koma ndi ija yosankhidwa ndi market master, khalani pansi musankhe anthu anu, a tomato, a kaunjika, a nsomba, a butchala, a chips, aliyense akhale ndi womuimira. Lembani kalata kwa DC, kope kwa wapampando wa khonsolo, khansala, wapampando wa ADC ndi gogo chalo. Musalembe zambiri, musatukwane, funsani zinthu zoti ayankhe: chigamulo chosamutsa msika chinapangidwa pa msonkhano wa tsiku liti, tikupempha maminitsi ake, mu pulani ya msikawu munali chimbudzi ndi madzi kapena ayi, ndalama zake zinachokera thumba liti, DDF (thumba la chitukuko la khonsolo), CDF kapena za GESD zija za World Bank, ndipo msika uno umatolera zingati pa mwezi. Kalatayo mukapereke pamanja, kope yanu akudindireni chidindo cha tsiku lomwe alandira. Chidindocho musachipeputse, ndi chomwe chimasiyanitsa dandaulo ndi miseche.

Akakuuzani kuti zimenezo ndi zachinsinsi musabwerere. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020 ndipo makhonsolo ali momwemo. Misonkhano ya full council nayo ndi yoti munthu wamba atha kukakhala kumbuyo n'kumamvera, kungoti suyankhula ndipo alawansi palibe, mwina n'chifukwa chake mipando yakumbuyoyo imakhala yopanda anthu kkkk. Funsani kwa kalaliki wa khonsolo tsiku la msonkhano wotsatira, mupite anthu khumi mutavala bwinobwino, mudzaona mmene a khansala anu adzayankhulire tsiku limenelo, ngati si omwe aja.

Mfundo yanu yolimba kwambiri ndi ya chimbudzi ndi madzi, muigwiritse. Musalimbane ndi zoti sitichoka pamsewu, pamenepo mudzaluza chifukwa malo a m'mbali mwa msewu waukulu si a khonsolo kapena amfumu, ndi a msewu, ndipo ngozi za magalimoto olowa m'misika tonse timazimva. Koma msika wopanda chimbudzi ndi nkhani ya zaumoyo, kolera ya 2022 mpaka 2023 ija inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, palibe wa zaumoyo ku khonsolo angasaine kuti anthu mazanamazana azigulitsa zakudya pamalo opanda pothandizikira. Kaonaneni ndi HSA, mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, ndi a zaumoyo wa chilengedwe ku chipatala cha boma, iwowo akalemba lipoti limalemera kuposa mawu a mavenda 200.

Zonyanyala kudula chiphaso ndaona ena akulimbikitsa apa. Zimagwira nthawi zina, khonsolo imathamanga ikaona kuti ndalama yaima, koma muchite muli ogwirizana nonse komanso kalata ija itapita kale, apo ayi adzangotola atatu oyankhula kwambiri n'kuwalanda mabenchi, enanu n'kuyambiranso kudula mwakachetechete.

China, chaka cha ndalama za boma pano chimayamba pa 1 April, ndiye bajeti ya khonsolo imakonzedwa miyezi ya m'mbuyo mwake. Ngati mukufuna chimbudzi ndi mpope zilowe, pempho lidutse ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndi ku ADC chaka chisanathe, lilembedwe mu maminitsi, ndipo a khansala mukawauze maso ndi maso kuti akalitule ku komiti ya chitukuko. Mukadzapita mu May adzakuuzani kuti bajeti inadutsa kale, dikirani chaka cha mawa. Zikakanika zonsezi kuli ofesi ya Ombudsman, kudandaula kumeneko ndi kwaulere, koma nawonso choyamba kukufunsani ndi makalata omwe munalembera khonsolo.

Mukalemba kalatayo iponyeni muno tikuthandizeni kukonza musanakapereke, manambala a foni ndi mayina a anthu mufufute kaye.